Chifalansa Chenicheni Chimatuluka ndi Thukuta

Lolemba
Ine, mwana wa anthu, wadigiri ya zilankhulo, ndikudandaula mwaulemu wonse ndi khalidwe la eyakoni, makina oziziritsira mpweya, ya m'chipinda changa kuno ku Satwa, m'dziko lotentha la Aarabu. Ikung'ung'udza ngati inanamiziridwa mlandu. Pofika Lamulungu ndiyenera kutumizira aphunzitsi anga mawu ojambulidwa a Chifalansa cha ku Cameroon, chija cha pamsewu. Ndikalephera, kafukufuku wanga aima chaka chathunthu. Wolankhula ndamupeza: Etienne, mlonda wa kuhotela kumene ndimagwira ntchito.

Lachiwiri
Etienne wabwera atavala suti. Ndi taye yomwe! Ndamuuza kuti maikolofoni ilibe maso. Kuntchito amameza theka la liwu lililonse, lero akutchula mpaka kumchira ngati wowerenga nkhani pawailesi. Akuti, "A kuyunivesite asamayese sindinapite kusukulu."

Lachitatu
Ndikumvetsera zomwe ndajambula. Zikumveka ndi izi:
eyakoni,
makina a telala wapansipa,
a Tembo a ku Chipata, a chipinda choyandikana: "Odi! Mwauka bwanji? Nanga alendo? Kumudzi kuli mvula?"
Chinyanja chawo chajambulika bwino zedi. Sindikuchifuna.

Lachinayi
Ndamata pepala pachitseko: MUSAGOGODE. A Tembo sakugogoda. Angoima panja n'kumakuwa odi. Kusayankha odi ndi ufiti, ndiye ndayankha. Katatu.

Lachisanu
Ndathimitsa eyakoni, ndatseka zenera, ndapachika mabulangete m'makoma. Zii, ngati kumanda! Etienne akuwerenga mndandanda wa mawu, suti ikunyowa ndi thukuta. Pa liwu lakhumi waphulika. Wandilalatira mphindi zisanu m'Chifalansa chenicheni: mavawelo omezedwa, mawu odulidwa michira, ena omatidwa ndi zakwawo. Ine mtima mbee, ndikungoti, "Pitirizani, achimwene!" Iye "Khalas!", ndiye kuti "basi" m'Chiarabu cha kuno, n'kumenyetsa chitseko.

Loweruka
Ndamvetsera kasanu. Chuma! Watukwana digiri yanga, mutu wanga, mtundu wanga wonse. Koma fomu yachilolezo sanasayine, ndipo popanda siginecha aphunzitsi salandira ngakhale kutsokomola. Ndamutsatira pageti. Akuti asayina pokhapokha nditafufuta zotukwanazo. "Mkazi wanga akazimva, habibi, m'bale wanga? Ine ndine wakwaya."

Lamulungu
Ndafufuta, wasayina, ndatumiza zaulemu zija. Aphunzitsi ayankha: "Chifalansa chokoma, koma n'cha m'buku." Chaka chapita. Basi.

Choncho ndikufuna chipukuta misozi. Etienne azinditukwana Lachisanu lililonse mpaka chaka chithe, pang'onopang'ono, pakamwa pafupi ndi maikolofoni, atasayina kaye. Madzi akumwa ndizigula ndine.