Chambo Chodulidwa Mchira

Ana anga, lero ndiulule ndekha, poti nkhaniyi ku Nkope kuno yazungulira kale ndipo aliyense akuithira mchere wake. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, cholembera chimanditerera m'manja, koma ndilemba pang'onopang'ono monga ndimayimbira. Tsiku limenelo ndinapita ku Monkey Bay ndikuvina, ndinabwerako nditafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndimagulitsa chambo, zaka ndi zaka. Amayi anayi tili ndi bokosi limodzi la ayisi, ndiye kuti nsomba zisasokonezeke aliyense ali ndi chizindikiro chake. Wina amaboola pakamwa, Abiti Saidi amamanga mlaza, ine ndimadula kansonga ka mchira, kam'mwamba kokha. Kansongako mukasunge, tikapeza kutsogolo.

Mdzukulu wanga Esinati, amene ndinamulera ndekha mayi ake atatisiya, anapeza mwamuna, a Gifiti, mphunzitsi wa ku Monkey Bay. Mayi awo anachokera ku Zomba kudzaona mtundu wa anthu amene mwana wawo akufuna kukwatirako. Akakhutira, ukwati ulipo. Akapanda kukhutira, mwana wanga alira. Esinati anandichonderera sabata yonse kuti ndisakayimbe, ndisakakalipe, tikaoneke anthu. Ndinalonjeza (pakamwa pokha, mtima sunamve).

Asewere anga, mayi a Gifitiwo, ndinawapeza: mayi wa magalasi, woyankhula motsitsa, woti akakuyang'ana umakumbuka machimo a chaka chatha. Atandifunsa ntchito yanga ndinadziguguda pachifuwa. Ndinawauza kuti nsomba yanga sigona, imavuuka m'mawa, masana ili m'mimba mwa munthu. Anagwedeza mutu. Ndinati eya, tayamba bwino.

Magetsi anali atathima chim'mawa, malo odyera ambiri otseka, ndiye a Gifiti anatitengera ku bala ina ya kuseri kwa msika kumene amaphikanso chakudya. Ine bala sindiiopa, botolo limodzi pa tsiku la chimwemwe silinaphepo munthu (ansembe athu asamve). Koma zimene ndinaona kumeneko, mayo ine.

Choyamba, mayi woperekera zakudya. Anakhala pa kauntala, maso pa foni, akuonera filimu. Tinaitana kamodzi, zii. Kawiri, zii. Kachitatu anakweza chala chimodzi kuti tidikire, munthu wa m'filimumo amalize kulira. Atabwera sanapereke moni, sanagwade, sanawerame ngakhale pang'ono pamaso pa imvi zanga. A Gifiti anafunsa nkhuku, yatha. Mbuzi, yatha. Mazira, sanabwere. Chatsala n'chiyani? Chambo ndi mpunga.

Chachiwiri, mowa. Unabwera wofunda ngati madzi osambitsira khanda, thovu lake lotopa, longokwera pang'ono n'kukhala pansi ngati nkhalamba inzanga. Tambula yake inali ndi milomo yofiira ya mkazi wina m'mphepete. Ndinaiyang'ana, inandiyang'ana. Ndinakumbuka lonjezo langa, ndinameza mawu, ndinapukuta ndi chitenje.

Chachitatu chinabwera titadikira mpaka mimba zikuyimba nyimbo za maliro. Mbale zinayi, chambo chathunthu chokazinga pamwamba pa mpunga. Fungo linafika mbale zisanafike. Ndinagunda ndi chala, mnofu phwa, ngati phala. Nsomba ya lero imasiyana ndi minga mwaulemu, iyi inangogwa yokha.

Esinati anayang'ana m'mbale mwake, nkhope inasintha. Anandiponda phazi pansi pa tebulo.

"Agogo, ingodyani mpunga wokha."

Ine ndinayesa ndi manyazi a utsikana. Ndinati m'mtima, asewere awa adziwe lero kuti banja lathu silidyetsedwa zinyalala. Ndinaimirira, ndinamanga chitenje m'chiuno, nyimbo inatuluka yokha: chambo ichi chagona, chagona, chadzuka, chagonanso, chalota maloto atatu! Azibambo amene ankamwa pakona anasiya mabotolo. Wina anayamba kuwomba m'manja. Mayi wa foni uja, kwa nthawi yoyamba, anaika foni pansi.

Anatulukira mwini bala, mayi wojintcha wa epuloni, akupukuta manja. Anapepesa mwaulemu ndithu, n'kunena kuti amene anakagula nsombazo ndi achimwene awo, dzulo lomwe, ndipo wogulitsayo analumbira kuti n'za tsiku lomwelo. Apa ndiye ndinayaka. Ndinati wogulitsa ameneyo ndi wakuba, alibe Mulungu, akuipitsa dzina la ife amayi a nsomba. Ndinati munthu wotero ngwofunika kumulanda beseni, kumudyetsa nsomba yakeyo pagulu mpaka minga, n'kumuletsa kuponda kudoko chaka chathunthu. Esinati anandikoka chitenje, ndinamuchotsa dzanja. Asewere ankagwedeza mutu kuvomereza, ine n'kumafufuma ngati chitumbuwa.

"Aitaneni achimwene anuwo," ndinatero. "Anditchulire dzina lake. Nyanja yonse ino ndimaidziwa."

Anawaitana. Analowa bambo wamtali, m'manja atanyamula chipewa cha njinga yamoto, chofiira, chong'aluka pamphumi. Chipewa chimenecho ndinachidziwa ndisanaone nkhope.

Ndikuuzeni tsopano zimene ndinabisa. Lachitatu ayisi anatisungunukira m'bokosi, ndipo ine ndinatsala ndi chambo chisanu ndi chitatu chimene chinakana kugulidwa. Lachisanu ndinachitsuka bwinobwino, ndinachiwaza madzi ndi kamchenga konyowa kuti chioneke ngati changotsika m'bwato. Anaima bambo wa njinga yamoto wachilendo, wothamanga, wosayang'ana nsomba m'maso. Ndinamuyimbira nyimbo yanga yoitanira malonda, anaseka, anatenga chonse. Ine ndinkayesa akupita kutali, ku Balaka kapena ku Ntcheu, kumene nsomba saidziwa.

Bamboyo anandiona, nkhope yonse mwee.

"Anganga a ku Nkope! Mwabwera kudzaona ngati zinafika bwino?"

Ndinayesa kuyang'ana kudenga. Iye anatembenukira kwa mlongo wake n'kumuuza kuti awa ndi amene anandigulitsa, oyimba bwino aja. Ndipo anaiyimba, ana anga, anaiyimba nyimbo yanga ndi mawu ake onse: cha lero, cha lero, chavuuka ndi dzuwa, cha lero! Azibambo a pakona aja anaivomereza.

Ndinati mwina mwandifanizira, nkhalamba timafanana. Pamenepo asewere anatenga foloko, anatukula mchira wa nsomba yawo, anauyang'ana ndi magalasi. Anatukula wa a Gifiti. Anatukula wanga. Yonse yodulidwa kansonga kam'mwamba. Sanafunse ine, anafunsa mwana.

"Esinati, michira iyi yadulidwiranji chimodzimodzi?"

Ndinamutsinzinira diso, ndinamuponda phazi monga anandipondera iye. Mwana amene ndinamubereka kumsana anayang'ana pansi, misozi ili lengelenge.

"Ndi chizindikiro cha agogo, mayi."

Ndinakhala pansi pang'onopang'ono. Mowa wofunda uja ndinaumwa wonse osapuma, ndipo ndinene zoona, sunali woipa kwenikweni. M'mutu munali chimodzi: ndaphera mwana ukwati ndi pakamwa panga.

Asewere anavula magalasi, anawapukuta, anawapukutabe. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndinayesa akulira. Kenaka anandikankhira mbale yawo, n'kuyankhula motsitsa monga mwa masiku onse.

"Asewere, chilango munagamula chija. Tiyambe ndi beseni, kapena ndi minga?"

Ndinadya, ana anga. Chambo changa chomwe, chogona, cholota maloto atatu, ndinachidya pagulu mwini bala ataima pambali manja m'chiuno. Mayi wa foni uja ndiye anachita kundibweretsera madzi osamba m'manja atagwada, ulemu wonse umene anandimana poyamba, kuti aonere pafupi. (Za m'mimba mwanga pa ulendo wobwerera mu minibasi sindilemba, pepala lino n'loyera.)

Potsanzikana pa depoti asewere anagwira dzanja la Esinati nthawi yaitali. Anati mwana wonena zoona ngakhale zikuwotcha agogo ake omwe, ameneyo akumufuna pakhomo pawo. Ine anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ukwati unachitika, tinavina mpaka fumbi kobo. Ine anandipatsa ntchito yotsogolera nyimbo, kukhitchini anandiletsa ngakhale kusuzumira. Chambo cha paukwati wa mdzukulu wanga anakagula kwa Abiti Saidi, chomanga mlaza, ndipo mayiyo mpaka lero akandiona amayamba kung'ung'udza cha lero, cha lero.

Phunziro ndinalitenga, musaganize kuti ndine wouma mutu. Ku bala sindikalipanso ndisanayang'ane kumchira. Ndipo masiku ano chambo chikandigonera masiku awiri, ndisanachiwaze mchenga, ndimadula mchira wonse.