Chigalimoto cha a Ngozo Pageti Panga

Lolemba

Sabata yachitatu ndili m'nyumba yangayanga pano pa Manjawira. Yanga! Zaka zonsezi ndikugulitsa kachewere pamsewu, dzuwa likundiwotcha pamutu, lero palibenso landilodi wondigogodera. Nyumba ya malata, mpanda wa njerwa kuzungulira, geti yachitsulo. Mpandawo ndimausisita ndikamadutsa, sindinama.

Chondisowetsa mtendere n'chimodzi: chipikapu chimene a Ngozo, amene anandigulitsa nyumbayi, anasiya pakati pabwalo. Matayala anaphwa, penti inasupuka, udzu wamera kunsi. "Ndidzatenga sabata yamawa, mayi." Sabata yamawa yakeyo sinafikebe.

Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wanga Tadala. Akuchimuna akuchokera ku Boma, ndipo nkhoswe yawo ndi a Maseko, aja ananena pagulu kuti, "Mwana wathu akukatenga mkazi kwa anthu a lendi." Mawuwo anamufika Tadala, analira masiku awiri. Loweruka a Maseko adzawameza. Koma tenti iyenera kukhala pomwe pali chigalimotocho, kwina konse n'kotsetsereka.

Pulani:
1. Kuimbira a Ngozo.
2. Galimoto ichoke.
3. Tenti.
Zophweka!

Lachiwiri

Ndaimba. Ali ku Sharpevale kwa mwana wawo. Akuti: "Mayi, galimotoyo si yanga, ndi ya malemu achimwene, anabwera nayo kuchokera ku Joni. Katundu wawo sitinagawe, mwini mbumba adakali konko. Kusuntha sunthani, koma isatuluke pageti, mungandiyambanitse ndi abale."

Iii! Nanga tsiku losainirana lija pakamwa panali potseka? Komabe chilolezo chosuntha ndachipeza. Ndiikankhira kuseri kwa bafa, ndiifunditse masaka, nkhani yatha.

Bambo a Tadala akuti, "Bwanji tingoisiya?" Munthu ameneyu ngakhale njoka italowa m'chipinda angati tiisiye.

Lachitatu

Akabaza asanu afika m'mawa. Apopa matayala ndi pampu ya njinga mpaka thukuta kamukamu. Matayala atatu alola, lachinayi lakana.

Zotuluka m'galimoto:
makoswe, banja lonse
chipewa cholimba cha kumgodi
nsapato imodzi
mavu, amene alunjika kwa bambo a Tadala omwe anaima patali akulangiza

Kenako kukankha. "Tiyeni! Tiyeninso!" Yasuntha mwina mkono umodzi. Koma yasuntha! Chinthu chimene chinakhala malo amodzi zaka zonsezi chasuntha chifukwa cha ine. Akabaza amwa theka la ndowa ya thobwa la chinkhoswe, akuti msana, apita.

Lachinayi

Lero ng'ombe. A Zakeyo, aneba athu, abwera ndi ziwiri zapangolo. Tatsegula geti, zalowa, amangirira tcheni kubampala. Chikwapu thyapu! Galimoto ikuyenda, ikukwera cha kubafa! Ndaimba nthungululu mpaka agalu kuuwa.

Mwadzidzidzi bampala yazuka, yatsala ndi ng'ombe. Galimoto ili kale potsetsereka. Ikubwerera chambuyo yokha, pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, tonse tangoti kukamwa yasa. Yakhota, yakagona chopingasa pageti, guu! Tayala limodzi lathothoka.

Bwalo lili mbee! Tenti ikwana, mipando ikwana, ovina akwana. Ndipo pageti sinatuluke, a Ngozo asandinene. Ndapambana.

Kavuto kochepa chabe: geti yatsekeka. Kulowa pakhomo pano tsopano n'kutsegula chitseko cha pasenjala, kukhwekhwerezeka pampando, n'kutulukira kwa dalaivala. Ng'ombe za a Zakeyo zatsalira mkati.

Bambo a Tadala, diso likadali lotupa: "Tigumule mpanda pang'ono." Ndawayang'ana mpaka alowa m'nyumba.

Lachisanu

Wina waimba foni ku Sharpevale. Anthu a pa Manjawira pakamwa! A Ngozo atulukira ndi alongo awo awiri ndi mkazi wa malemu. Alowera m'galimoto mmodzimmodzi. Mayi wamasiyeyo waona chipewa chija, wayamba kulira. Ndalira nawo, nanga ndikanatani? Ndawayalira mphasa, ndawapatsa thobwa lotsala. Zokambirana mpaka dzuwa kupendeka, ine nyama sindinadule, anyezi sindinasende.

Chigamulo: galimoto yasunthidwa mokwanira. Munthu asaikankhenso mpaka mwini mbumba abwere pa Khirisimasi. Kudutsamo alola, bola osaponda pampando ndi nsapato.

Tenti tailowetsa moidumphitsa mpanda. Mipando chimodzimodzi. Ng'ombe zadya theka la kabichi. A Zakeyo akuziponyera mapesi pamwamba pa mpanda, ine sakundilankhula.

Tadala wadzitsekera kuchipinda. "Amayi, mwandichititsa manyazi." Mawu amenewa andipweteka kuposa a a Maseko. Ndatenga sopo ndi ndowa, ndatsuka chigalimoto chonse, poti kutsuka sanaletse. Ndamanga maliboni pagalasi, ndayala chitenje chatsopano pampando. Ngati ndi polowera alendo, pakhale paulemu.

Loweruka

Akuchimuna afika akuimba. Aima pageti. Nyimbo yazima. Bambo a Tadala, mu suti ya ukwati wathu, atsegula chitseko cha pasenjala n'kuwerama: "Takulandirani, lowani." Lero lokha ndawanyadira.

Oyamba a Maseko, tayi pakhosi, tambala kukhwapa. Afika pachiwongolero, akhazikika. Akuchisisita. "Yangati iyi ndiyo ndinkayendetsa kufamu ku Joni." Sakutuluka. Akusintha magiya, akuyesa hutala yosalira. Mzere kunja wafika kumsewu, azimayi malichero pamutu. Pomaliza achimwene anga, nkhoswe ya Tadala, alowa ndi msoti wathu, ndipo nkhukuzo apatsirana momwemo, m'galimoto. Nthungululu kunja ndi mkati!

Potuluka, maso awo agwera pa ng'ombe, zagona pansi pa mango zikubzikula. Mngoni ndi ng'ombe! Azizungulira kawiri, azigwira malinunda. Kenako atenga maikolofoni:

"Tinamva zabodza. Pakhomo pano pali mpanda, pali galimoto, pali ng'ombe. Mwana wathu wasankha bwino."

A Zakeyo atsegula pakamwa. Ndawaikira mbale ya nyama ya mbuzi m'manja, atseka. Ine ndangowomba m'manja mwaulemu. Sindinaname, sindinanene kanthu.

Tadala wavina mpaka kuvula nsapato. Wandikumbatira pamaso pa anthu onse, misozi pabulauzi yanga yatsopano, sindikudandaula. Anthu a lendi aja ndife amene!

Lamulungu

Miyendo yatupa, mawu atha. Popita kutchalitchi ndadutsa m'galimoto, pobwera chimodzimodzi. Bola kuweramitsa mutu kuti duku lisakodwe. Ikhala pamenepo mpaka Khirisimasi, mwinanso Khirisimasi inayo. Basi, ndagonja.

A Zakeyo ali panja chiyambire m'mawa, mawa akufuna kukatuta manyowa. Akunena zoona, ng'ombe si zanga. Alendo onse apita, a Maseko ali kwawo ku Boma ndi msoti wawo.

Pogumula mpanda ndasankha kuseri, kosaoneka kumsewu. Mulungu andikhululukire poti lero si tsiku logwira ntchito. Bambo a Tadala abwera ndi hamala akumwetulira, ndikudziwa chimene akufuna kunena. Ndawalanda. Mpanda ndi wanga, njerwa yoyamba ndigwetsa ndekha. Tadala waima pambali, wandigwirira duku.

Ndamenya kamodzi, kawiri, katatu, sinagwedezeke n'komwe. Ndinagula nyumba yolimba ine!