Kadontho Kofiira ndi Matumba a Mpunga

Lolemba

Ahedi avomera! Kachipinda ka kuseri kwa Fomu 3 ndi kanga mpaka Loweruka. Tsikulo komiti ya makolo ikubwera kudzaona. Akakhutira, kakhala labu yoyamba ya sukulu ino. Akapanda kukhutira, mulowa matumba a mpunga umene makolo asonkha wa phala la ana, umene pano ukujompholedwa ndi nkhuku pakhonde pa ahedi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula kuwala ndi choko. Sabata ino ndikugwira kwenikweniko.

Ndilembe bwinobwino chimene ndikufuna kuonetsa, kuti Loweruka ndisachite chibwibwi. Timauza ana kuti kuwala kukagunda galasi kumanjanja pomwepo ngati mpira. Si zoona kwenikweni. Kumaterereka pang'ono, n'kubwerera kutasuntha. Kusunthako n'kochepa kuposa tsitsi limodzi utaligawa kambirimbiri, ndipo diso silingakuone. Koma nzeru ilipo. Umaika sefa ya kuwala patsogolo pa galasi, ina pambuyo, n'kupotoza yachiwiriyo mpaka itsekereze pafupifupi kuwala konse. Kamene katsalako n'kofooka, koma kamaoneka katasuntha kwambiri. Zili ngati kwaya ya kwathu. Onse akamaimba, sungadziwe kuti wina akuphonya pang'ono. Atontholetse pafupifupi onse, kuphonyako kumveka mpaka kumsewu.

Zofunika:
katochi ka leza kotulutsa kadontho kofiira, kamene ndimalozera pabolodi
galasi la ngodya zitatu (lilipo, linatsala lokha m'bokosi)
masefa awiri
mdima

Mdimawo ndiye wosavuta.

Lachiwiri

Masefa ndawapeza! Ali pa nkhope ya kakyuleta iliyonse, kapepala kopyapyala kamene kamatheka kusenda ndi lezala. M'kabati ya ahedi muli makakyuleta akufa asanu ndi imodzi. Anayi ndawang'amba molakwika. Awiri otsalawo andimvera chisoni.

Ndikusanjikiza timapepalato, ndikuyang'ana pazenera, ndikupotoza kamodzi. Kuwala, kuchepa, kuchepa, bii! Ndikubwereza mpaka belu la masana.

Kunyumba ndikuonetsa akazi anga, mayi a Tamanda, akusankha mpunga. Ndikufotokoza modekha, kuyambira pachiyambi. Akumvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti: "Ndiye mwang'amba makakyuleta onsewo kuti mupange mdima? Ukabwera wokha mumadandaula."

Andibwereka mabulangete atatu. Lamaluwa ayi.

Lachitatu

Mdima si wosavuta.

Mazenera ndatseka ndi makatoni ndi mabulangete. Pansi pa chitseko ndaika chiguduli. Nditakweza maso, denga lonse nyenyezi: mabowo a misomali pamalata. Ndawamata onse ndi dongo, nditaima pa desiki.

Kachipinda kotseka chonchi m'chigwa cha Bwanje masana ndi uvuni. Thukuta likudontha kuchokera pamphuno n'kugwera pagalasi penipeni. Kawiri.

Komabe kadontho kofiira kafika pakhoma! Vuto n'lakuti kakuvina. Nzeru yangayi imakulitsa chilichonse, osati chokhacho chimene ndikufuna. Mpaka pano yakulitsa:
chigayo cha mpunga cha tsidya la msewu
Fomu 3 ikukoka madesiki
ngolo yodutsa
kupuma kwanga

Ndaika zida zonse pa thabwa, thabwa pa beseni la mchenga, beseni pa chubu cha njinga yanga chopopa pang'ono. Kuvina kwachepa. Kunyumba ndikubwerera wapansi, ndikuimba.

Lachinayi

Magetsi azima m'mawa, chigayo chakhala chete. M'chigwa chonse munthu wokondwa ndine ndekha.

Ndikutseka chitseko, ndikukhala phee mphindi khumi kuti maso azolowere. Ndikupotoza sefa mpaka kadontho katsala pang'ono kufa. Ndikugwira mpweya. Ndikuipotozanso pang'ono kwambiri, ndi nsonga ya chikhadabo.

Kasuntha. Kasuntha! Ndikubweza, kakubwerera. Chinthu chimene ndinkangochiwerenga chili pakhoma la sukulu yathu, pafupi ndi chisa cha mavu.

Ndathamangira Mayi Jere, mphunzitsi wa Chichewa, kuti akhale mboni. Apirira mphindi ziwiri. Akuti: "Aphunzitsi, ine ndikuona mdima, ndipo ndi wabwino ndithu. Nditsegulireni ndisanakomoke."

Phunziro: anthu ayenera kukhala m'katimo mphindi khumi zathunthu, chitseko chotseka. Loweruka ndiwauza nkhani ya kwaya podikira. Ndaiyeserera panjira, mbuzi zikundiyang'ana.

Lachisanu

Ahedi andiitana. Wapampando wa komiti apita kumaliro ku Kandeu. Mawa atsogolera achiwiri awo.

Achiwiri awo ndi apongozi anga, amayi ake a mayi a Tamanda.

Chikwatirire mwana wawo, sitinakhalepo m'chipinda chimodzi chitseko chotseka. Tikakumana panjira, iwo amapatukira uko, ine uku, moni n'kumapatsana titanjuta, maso ali kumbali. Sindinawaonepo akudya. Sitidana ayi, amandikonda kwambiri. Ulemu wake ndi umenewo.

Ndiye mawa ndiwatsekere mumdima, m'kachipinda kamene anthu asanu amagundana mawondo?

Mayi a Tamanda aseka mpaka kukhala pansi. "Mukawauze nokha, bambo a Tamanda. Ine ndikufuna ndidzamve mukuyamba ndi mawu ati."

Njira zimene ndaganiza:
kutsegula chitseko pang'ono (kadontho kafa)
kukoka nsalu pakati pathu (malo palibe)
kudwala

Ndikukhulupirirabe kuti sayansi ikafika, mwambo umasendera pang'ono. Ndasita malaya.

Loweruka

Mwambo susendera.

Abwera anayi: apongozi, amayi ena awiri, ndi a Ngozo, mkulu amene anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Apongozi aima patali ndi khomo, akuyang'ana mtengo wa mango. Akulankhula ndi ahedi ngati ine palibe: "Muwauze bambo a Tamanda kuti tabwera. Muwafunsenso, akuti chitseko chitani?"

Ahedi akunditembenukira, ngakhale ndamva ndekha. Ndikuyankha kudzera mwa iwo kuti chitsekedwe. A Ngozo akukanda chipewa.

Mgwirizano watuluka wotere: a komiti alowe ndi ahedi, ine ndikhale kunja. Ndiye ndagwada kuseri kwa khoma, padzuwa, pakamwa pali pa kabowo ka mpweya, kufotokoza sayansi kwa njerwa. Kukuwa sindingathe, m'katimo muli apongozi. Ndikunong'oneza, ahedi n'kumabwereza mokweza zimene amva. Nkhani ya kwaya yafika m'katimo ngati chidzudzulo cha kwaya ya amayi, ndipo mmodzi wa amayiwo ndi woimbitsa.

Ndikuti wina apotoze sefa yachiwiri pang'onopang'ono. Ahedi akuti manja awo akunjenjemera, apereka kwa apongozi. Ndaika khutu pa kabowo, ndikudikira.

Kenako mawu a a Ngozo: "Mdima wotere ndinausiya pansi pa nthaka, ndipo kumeneko tinkalowa ndi nyali. Dikirani ndikuunikireni muone bwino."

Ayatsa tochi ya foni.

Atuluka onse akupukuta thukuta, wina wapunthwa pa chubu, beseni lapendekeka. Akambirana pansi pa mango, ine ndili poteropo. Ahedi abwera ndi chigamulo: komiti yathokoza khama langa, yaonanso kuti chipinda n'chouma, chopanda pobowoka. Mpunga ulowa Lolemba. Atsogolera kuvomereza ndi apongozi.

Ndathokoza ndi manja awiri.

Lamulungu

Tabwera kuchokera kutchalitchi. Zida zonse zili m'katoni pansi pa bedi. Chubu chabwerera m'tayala, mabulangete ali pachingwe. Mawa Fomu 3 ndiijambulira kuwala ndi choko, mzere wopita ndi mzere wobwerera.

Sindikuwadandaula. Mpunga ukutha ndi nkhuku, ndipo ana amafika m'kalasi ndi njala. Ndikanakhala ine wachiwiri kwa wapampando, mkamwini wanga ali kuseri kwa khoma, anthu akumvetsera ngati ndimukondera, kaya ndikanati chiyani.

Masana mayi a Tamanda abwera kuchokera kwa amayi awo ndi nthochi ndi uthenga. Aunena akuvula nsapato, ngati nkhani ya mchere.

"Akuti ndikuuzeni kuti kanthu kanu kofiirako anakaona tochi isanayake. Akapotoza kamapita uku, akabweza kamapita uko. Koma akuti mukonze, chifukwa pakatikati kamagawika pawiri ngati mpunga wosweka."

Ndakhala pansi. Kugawika pawiriko ndinangokuwerenga, sindinauzepo munthu, ndipo Lachinayi maso anga sanakuone. Kumaoneka masefa akatsekerezana ndendende, dzanja likapanda kunjenjemera ngakhale pang'ono.

Ndafunsa chifukwa chimene sananenere dzulo.

"Akananena kwa ndani? Inu munali kuseri kwa khoma. Mumafuna amayi anga alankhule nanu pa kabowo?"

Ndatumiza yankho kuti palibe chokonza, ndi mmene kayenera kukhalira. Lifika mawa, mayi a Tamanda akamapita kudimba. Nthawi imeneyo ine ndidzakhala ndikuthandiza kunyamula matumba.