Kapasita Kopanda Moto

Lolemba

Zaka khumi ndi chimodzi anthu a mzere uno wa m'dera la Kanyama akhala akunditchula ba Injiniya. Wailesi, ayironi, foni yogwera m'chithaphwi, zonse zimachirira pa benchi yanga. Lero mayi wa tomato akubwera ndi wailesi kukhwapa akuitana, "Ba Injiniya, odi!" Ndikuimirira. Akundidutsa, akulowa kwa Chanda.

Chanda wasamukira kuno mwezi watha kuchokera ku Kitwe. Ali ndi:
ovolosi ya mizere yonyezimira,
mita yachikasu yoyezera magetsi,
mano onse m'kamwa,
ndi kabokosi kophera ntchentche kopanga yekha. Ntchentche ikatera pa waya kumangomveka thwa, maliro atha.

Nsanje ndili nayo, ndibisirenji m'buku langa lomwe. Amai Busa, akazi a abusa athu, akufuna chophera ntchentche m'butchala yawo. Loweruka aona changa ndi cha Chanda, asankhe chimodzi. Amene asankhidwe ndiye ba Injiniya, winayo ndi wokonza mawailesi chabe.

Lachiwiri

Mwayi! Kwa ogulitsa zitsulo zakutha ndapeza makapasita atatu ochokera m'makina a sola amene anapsa. Kapasita ntchito yake n'kumeza magetsi, kuwasunga, kenako kuwalavula onse kamodzi. Ka Chanda n'kochepa ngati nyemba. Anga ndi oyera, olemera, kukula kwake ngati njerwa. Ntchentche za m'Kanyama zilape!

Mkazi wanga wawayang'ana n'kunena, "Ka ba Chanda ni kang'ono, koma kasebenza, kapha nchenche."

Ba Chanda. Wanena akumwetulira. Ine m'nyumba muno dzina langa ndi "imwe."

Lachitatu

Magetsi athima kuyambira m'mawa. Sindingayese kanthu. Ndikuluka mawaya oti ntchentche zizitera, ndadzibaya kawiri.

Makapasita apeza kale ntchito popanda ine. Kamodzi katchinga chitseko kuti mphepo isamenyetse. Kena mkazi wanga akuswera mtedza. Ndalanda, wandiuza kuti m'nyumba muno chinthu chosagwira ntchito n'chimodzi chokha. Sanatchule dzina.

Kwa Chanda kuli sola. Tsiku lonse thwa, thwa, ndi azimayi kuseka. Kuseka kumodzi ndikukudziwa bwino, ndinakulipirira malowolo.

Lachinayi

Magetsi abwera. Ndadzaza kapasita koyamba, ndayesa. Zii. Ndadzazanso. Zii. Kakufa.

Ndatuluka kukasamba m'manja kumpopi. Ndapeza ba Zulu owotcherera zitsulo, ndikuwauza, ndipo mawu anga si aang'ono:

"Kapasita aka ni kaboza! Kunja koyera, mukati mulibe moto. Kangodya chabe. Mailo nizakamanga na mawaya, kakakana nikataya mu dreni!"

Pamzere wa madzi anthu onse atembenukira kwa ine. Ba Zulu akuyang'ana nsapato zawo. Wachitatu pamzere, chidebe m'manja, ndi Amai Busa.

Abusa athu, ba Pasita, ndi aafupi. Amakonda suti yoyera. Izi ndazikumbukira nditalowa kale m'nyumba.

Lachisanu

Nkhani yafika ku Chawama, mlongo wanga wa kumeneko waimba foni akulira. Zimene akumva:
ndatcha ba Pasita "ka pasita" pampopi,
ndikufuna kuwamanga ndi mawaya,
ndili ndi ena awiri pansi pa bedi.

Chomalizachi n'choona, koma ndifotokoze bwanji pa foni?

Ndanyamula kapasita kakufa kupita nako kubutchala kuti aone okha. Amai Busa sanandilole kutsegula pakamwa. "Yendani na vinthu vanu, tizaonana mailo, Loweruka." Ndasiya chinthucho pawindo.

Masana ndayesa kachiwiri. Ndadzaza, ndazula waya kukhoma, ndaiwala kuti chinthuchi chimasunga moto ngati mmene mkazi wanga amasungira mawu. Sikuludiraiva yangokhudza, phuu! Nsonga yake palibe. Khutu lakumanja likuimba mpaka tsopano. Aka ndiye kali ndi moto. Chanda aone.

Loweruka

Ndafika kubutchala ndi makina anga pa wilibala. Ndapeza ba Pasita akuseka mpaka misozi, kapasita kakufa kali m'manja mwawo. Chanda wawafotokozera zonse, ndi mita yake yachikasu, kuti kapasita ndi chipangizo cha magetsi, ndipo ine sindinanyoze munthu. Ba Pasita andigwira chanza. Mlandu watha, ndipo wautha ndi Chanda! Bola akananditukwana.

Kuyesa. Ka Chanda: thwa, ntchentche pansi. Anthu m'manja.

Changa: ntchentche yoyamba yazungulira, yatera. Kuphulika kwake ngati tayala la minibasi. Mawaya anga asungunuka. Ogula awiri ali pansi pa tebulo, galu wa panja sanabwererebe. Ntchentcheyo sitinaipeze, ndiye sindinganene kuti makina sanagwire ntchito.

Chanda wauza anthu asayandikire, watsitsa moto wotsala pang'onopang'ono ndi kachipangizo ka m'thumba mwake. Kenako chapansipansi, kuti ena asamve, "Mudala, nchenche ni kanthu kang'ono. Ivi vanu ni va njovu."

Amai Busa akuti, "Ba Injiniya, kolekani kanu apa pamwamba pa nyama." Sindikutembenuka n'komwe. Ndikukankha wilibala.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, khutu labwino kuloza kuguwa. Ba Pasita, m'suti yoyera, akukweza kapasita kanga kakufa m'mwamba. "Kunja koyera, mukati mulibe moto! Ni bangati muno bali monga aka?" Amen akugwedeza malata. Sanalalikepo bwino chonchi, ndipo ulalikiwo ndi wanga.

Pomaliza akuloza kumbuyo. "Tiyamike mubale watu wamene anatibweretsela utenga, ba Kapasita."

Basi, dzina lamata. Pakhomo la tchalitchi, ba Kapasita. Mayi wa tomato, ba Kapasita. Mkazi wanga, amene sananditchulepo "ba" chikwatirane, lero wayamba, akuseka.

Madzulo Chanda wadutsa ndili pabenchi. Waima, wavula chipewa. "Ba Injiniya, mwachoma bwanji? Nifunako mubwele munionele ayironi, yanikanga kukonza."

M'Kanyama monse watsala munthu mmodzi wonditchula dzina langa, ndipo ndi iyeyu. Ndanyamula sikuludiraiva yanga yopanda nsonga, ndamutsata.