Kadontho Kobiriwira pa Dzina la Amayi

Lolemba

Ndafika ku Nselema masana, fumbi mpaka m'makutu. Kuntchito ku Balaka andipatsa sabata imodzi yokha. Lamulungu ndibwerera, zivute zitani.

Ababa awonda. Chimwalirireni amayi miyezi inayi yapitayi, nyumba yangoti zii. Chowasangalatsa chatsala chimodzi: kuona nkhope ya achemwali anga Asiyatu, amene ali ku Joni, ndi khanda lawo pa laputopu imene amayi anasiya. Foni safuna. Akuti pa foni mwana amaoneka ngati nyemba.

Vuto ndi pulogalamu yoimbirana. Imauma, nthawi zina imadzitseka yokha. Ikatero ababa amaphimba laputopu ndi nsalu n'kumadikira ine. Ulendo wathawu anadikira masabata atatu.

Dongosolo langa:
1. Kulemba sikiripiti (mndandanda wa malamulo ouza kompyuta chochita) yoti izisuzumira pulogalamuyo mphindi zisanu zilizonse.
2. Ikaipeza itafa, iziidzutsa.
3. Ine ndizikhala ku Balaka mtima uli m'malo.

Ntchito ya ola limodzi iyi. Za kompyuta angandiuze ndani kuno?

Lachiwiri

Sikiripiti yatheka. Ndaiika m'manja mwa ruti, mwini mphamvu zonse m'kompyuta, amene palibe khomo lomutsekera. Ndatseka pulogalamu dala. Ndadikira. Yadzuka yokha! Ndavina pang'ono pakhonde, mwaulemu.

Kubwerera kuti ndiyang'anitsitse: mulibe Asiyatu, mulibe aliyense. Ikufunsa dzina ndi pasiwedi ngati yangofika kumene. Inde, yadzuka m'dzina la ruti, ndipo rutiyo alibe m'bale ku Joni.

Ndauza ababa kuti watseguliramo ndi ruti. Avala magalasi: "Ameneyu ndani? Wabwera ndi iwe?"

Ndawafotokozera kuti ndi bwana wa kompyuta. Akuti bwana wopanda abale ngomvetsa chisoni. Aphimba laputopu ndi nsalu ija.

Lachitatu

Nzeru zatsopano: ruti asamatsegule yekha, azituma. Ndawonjezera mzere woti pulogalamu izidzuka m'dzina la ababa, pa akaunti imene ndinawatsegulira itatha sadaka ya amayi.

Kompyuta ikunenetsa kuti pulogalamu ili moyo. Pa sikirini palibe kanthu. Ndafunsanso. Ili moyo! Kanthu palibe! Kudzuka yadzukadi, koma sindinaiuze sikirini yoti ionekerepo, ndiye ikungoyendayenda m'katimo osaoneka.

Asiyatu pa foni yanga: "Achimwene, ndaimba kanayi, ikuitana koma osayankha. Mwakonza kapena mwamalizitsa?"

Ababa akhala pampando kuyambira swala, pemphero la masana, mpaka la madzulo, atavala mkanjo wawo woyera kuti mdzukulu awaone ali aukhondo. Sanadandaule. Bola akanandikalipira.

Lachinayi

Magetsi athima m'mawa wonse, ndipo batire ya laputopuyi inafa kalekale. Ndakhala ndikuiyang'ana ili chizimire.

Atayaka, ndaiuza pulogalamu sikirini yake. Sikirini yakana, ati palibe chilolezo. Ndapsa mtima, ndaitsegulira aliyense wolembedwa m'kompyutamo. Ndikudziwa kuti si nzeru. Ndachitabe.

Yaoneka! Asiyatu aoneka, khanda laoneka. Mawu palibe. Iwo akuyendetsa milomo uko, ababa akuyendetsa kuno. Ababa akweza mawu kuti afike ku Joni, amva ndi a pamsika.

Khanda layamba kulira, nkhope yonse piriwiri, ife osamva kanthu. Ababa: "Mwana wofatsa uyu. Watengera ine."

Zimene zanditsalira:
mawu,
masiku atatu,
ulemu pang'ono.

Lachisanu

Tisanapite kumapemphero a Juma ndapeza pa intaneti mzere wa munthu wina wakunja. Akuti usavutike ndi mayina, kompyuta imadziwa anthu ndi manambala, ndipo mwini wake nthawi zonse ndi 1000. Ndakopera osaganiza. Ndatseka pulogalamu kuti idzuke tili kumzikiti. Tanyamuka.

Potuluka, foni yanga yaimbidwa kasanu ndi kanayi. Ndi Asiyatu, akulira: "Dzina la amayi layaka! Pali kadontho kobiriwira, ngati ali pamenepo! Akuseweretsa ndani?"

Ndathamanga mpaka kunyumba. Pa sikirini pali chithunzi cha amayi, ndi mpango wawo wabuluu uja. 1000 ndi munthu woyamba kulembedwa m'kompyuta. Muno woyamba ndi amayi. Ndinawalemba ndine, chaka chimene anapuma uphunzitsi. Ababa ndi 1001.

Akaunti ya amayi sindinaifufute. Kuiwala iyayi. Dzanja linkangokana.

Ababa alowa, aima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. Ndafuna kutseka. Andigwira mkono.

Sindinachitepo manyazi otere, komanso sindinawasowepo amayi ngati lero.

Loweruka

Lero ababa sakufunsa za khanda. Akuloza timizere ta mauthenga amawu amene amayi ankatumiza ku Joni. Akufuna kuwamva. Mawu kulibe, sikiripiti yanga sinawapezebe.

Ndavomera kuti njira yatsala imodzi: kusiya zotumana, kulowera pakhomo, m'dzina la amayi, ndi pasiwedi yawo. Ine sindiidziwa. Ndati ruti angathe kuisintha. Ababa: "Iyayi. Bwana wakoyo asakhudze." Apita kuchipinda, abwera ndi kope lakale la amayi. Pasiwedi ili pachikuto chakumbuyo, m'zilembo zawo zoongoka zija.

Talowa. Pulogalamu yatseguka yokha, sikirini ili bwino, mawu ali bwino. Apa m'pamene ndakumbukira: ndinawakonzera ndine kalelo kuti izitseguka akangoyatsa. Pa akaunti ya ababa ndinaiwala kutero. N'chifukwa chake amayi sanandiimbirepo za vuto limeneli. Ikauma ankangozimitsa n'kuyatsanso.

Uthenga womaliza ngwaufupi: "Asiyatu, ababa akowa akukana kuphunzira makinawa. Akuti aphunziriranji ine ndilipo. Uwauze wekha, ine anditopetsa." Kenako amayi akuseka, tambala akulira chapatali.

Ababa aumvera kasanu. Ine ndatuluka kukaona mbuzi, ngakhale mbuzi tilibe.

Lamulungu

Sikiripiti ndaifufuta. Sikirini imene ndinatsegulira aliyense ija ndaitsekanso. Ndakonza kuti laputopu ikayaka izilowa yokha pa dzina la amayi. Ndafunsa ababa ngati ndisinthe dzinalo ndi chithunzi. "Zisiye. Ankandiimbira mwana ndi iwowo."

Asiyatu pa foni: "Chabwino, ndizolowera."

Phunziro la ababa, lolembedwa pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu:
1. Ikauma, dinani batani mpaka izime.
2. Werengani mpaka teni.
3. Dinaninso.

Ayesa katatu, akhoza katatu. Kachitatu aimbira Asiyatu okha, khanda lalira, amva. Akuti ayi, sanatengere iwo, watengera ineyo, amalume ake. Ine sabata yonse, iwo mphindi zitatu. Basi, ndavomera.

Ndili m'minibasi, chikwama pamiyendo, tangodutsa Liwonde. Pa foni yanga kadontho pa dzina la amayi kayaka, kazima, kayakanso. Ababa akuyeserera phunziro lawo. Ndikudziwa bwino lomwe kuti ndi ababa, nambala yake ndikuidziwa, chifukwa chake ndikuchidziwa. Koma mtima sukumva zimenezo.

Ndalemba kuti "Ndadutsa Liwonde, ndikuyenda bwino," monga ndinkawalembera kale. Yankho silibwera, ababa sadziwa kulemba pamenepo. Ndatumizabe.