Nsungwi ya a Gerishomo

Bodza lija lakuti malemu a Gerishomo anamenya mtsogoleri wa achinyamata ndi nsungwi, amene mukulifalitsa musiye. Ndalimva kuchigayo, ndalimva mu minibasi ya ku Zomba, dzulo ndalimvanso padoko la Kachulu kwa mayi wogula matemba amene ngakhale nkhope yawo sakuidziwa. Munthu ali m'manda, inu mukumuyendetsabe pakamwa ngati njinga ya kabaza.

Nsungwiyo inalipo, sitikana. Inali yokankhira bwato, yaitali kuposa denga la tchalitchi chathu. Atasiya usodzi, a Gerishomo anadzipereka kutumikira pa kampu ya achinyamata ya tchuthi cha Ogasiti, ndipo ntchito anadzipatsa okha: kuyeza mpata. Mnyamata ndi mtsikana akakhala moyandikana, nsungwi imagona pakati pawo, wina kunsonga, wina kutsinde.

"Apa padutse Mzimu Woyera," amatero.

"Agogo, awa ndi achemwali anga."

"A bere limodzi kapena a mwa Ambuye?"

"A mwa Ambuye."

"Oopsa ndi amenewo. Sendera."

Chaka china anayeza abusa ndi amayi busa ali pa benchi.

"A Gerishomo, awa ndi akazi anga."

"Ndikudziwa, abusa, mpunga wa ukwati wanu ndinadya nawo. Koma ana akuona."

Abusa anasendera.

Tsiku lotsekera kampu, otumikira amafunsidwa zimene aphunzira. Ena amawerenga mavesi. A Gerishomo amaimirira atatsamira nsungwi. "Chaka chino ndaphunzira kuti mwana woimba mokweza kwambiri ndi amene waba matemba kukhitchini. Ndaphunziranso kuti kusala kudya kumatha amake Faith akavundukula mphika." Amake Faith ndi akazi awo, mayi Elenala, amene anaphikira kampuyo zaka khumi ndi ziwiri osalandira ngakhale chitenje.

Kenako mpingo unatitumizira Wisdom wa ku Zomba kudzatsogolera kampu. Suti yoyera, mafoni awiri, Chingelezi mpaka popempherera phala.

"Madala, nsungwi ndi zamakedzana," anatero tsiku loyamba. "Achinyamata a masiku ano timawapanga kanseling'i."

Malo obatizira kunyanja anasankhanso yekha, kuseri kwa bango, ati pamenepo zithunzi zituluka bwino.

"Achimwene, apo pali thope," anamuuza a Gerishomo. "Linamezapo ng'ombe."

"Tili ndi chikhulupiriro, madala."

"Ng'ombe ija inalinso nacho."

M'mawa mwake, ana ali pa mapemphero, Wisdom anapita yekha kukadzijambula atayima m'madzimo. Mayi Elenala, amene amadula bango chapafupi, anamva munthu akuitana dzina la Yesu m'zilankhulo ziwiri. Anapeza suti yamira mpaka pachifuwa, mkono uli m'mwamba kupulumutsa foni. Anathamangira amuna awo.

A Gerishomo anagona chafufumimba pa bango n'kutambasula nsungwi. "Gwirani zamakedzanazi, achimwene." Wisdom anaidumphira ndi mantha, mphumi n'kugunda kunsonga. Anamukoka mpaka anazuka ngati chinangwa.

"Chonde madala, ana asamve."

"Kwa ine sadzamva."

Mayi Elenala anamuchapira suti kuseri kwa nyumba yawo, n'kumubwereka buluku la amuna awo lopitira kutchalitchi. Bulukulo mpaka lero silinabwere.

Chotupa cha pamphumi ndiye sichibisika. Pofika masana kampu yonse imati nsungwi yalankhula. Akuluakulu a mpingo anaitana awiriwo pansi pa mtengo wa mango. Mukudziwa zimene Wisdom ananena? Anaweramitsa mutu ngati Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake.

"Sindikufuna kunena zambiri. Ine ndawakhululukira."

Atafunsidwa a Gerishomo ngati anamumenyadi, anangoti, "Nsungwi inamukhudza." Basi. Akuluakuluwo anawauza kuti apume, kukampu asadzafikenso.

Atamva zimenezi, mayi Elenala anaponya mthiko pansi. "Bambo a Faith, ndikanena ine. Suti ndachapa ndine, thope lake lidakali m'zikhadabomu."

"Khalani pansi, amake Faith. Mwana uja mawa akulalikira. Ana mazana awiri akamuseka, adzaimanso paguwa?"

"Nanga dzina lanu?"

"Langa lakalamba kale. Lake n'lanthete."

Zaka zitatu, Ogasiti akafika, a Gerishomo amakhala pakhonde kumvera nyimbo za kampu chapatali, nsungwi ili pamiyendo. Ana akamadutsa awiriawiri kupita kumjigo, amangoikweza pang'ono, anawo n'kutalikirana okha akuseka. Mayi Elenala akawafunsa zimene aphunzira chaka chimenecho, amati, "Mwana wa eni ake akagwa umamudzutsa, sumulengeza."

A Gerishomo anamwalira mu Febuluwale, mpunga usanache. Pamaliro Wisdom anapempha kuti alankhulepo, n'kuyamba za kukhululukira amene anatilakwira. Mayi Elenala anadzuka pamphasa, maso ali gwa.

"Amene analonjeza kukhala chete ndi awo agonawo," anatero. "Ine sindinalonjeze. Achimwene, buluku lija mubweze."

Anthu anayesa chisoni chawasokoneza mutu, n'kuwakhazika pansi. Koma Wisdom ulaliki unamuthera pomwepo, ndipo ine, amene sindikonda za eni, ndinapita mawa lake kukawathandiza kutsuka mbale mpaka anandifotokozera zonse.

Kampu ya chaka chino ndinakaiona. Ana athithikana ngati matemba pathandala, palibe wowayeza. Tsiku lotsekera onse anawerenga mavesi, palibe amene anaseka. Nsungwi yatsamira pakhoma kwa mayi Elenala, ndipo ngakhale nkhuku zikamadya mpunga pamkeka saigwiritsa ntchito, amathamangitsa ndi manja.

A Gerishomo sanamenye munthu: anavuula Wisdom m'thope, n'kusenza manyazi ake mpaka kumanda.