Thabwa la Bwana Tsabola

Lolemba

Mwini pulazi ino ya fodya, amene komboni yonse imamutcha Bwana Tsabola, andiitanitsa ku ofesi. Akufuna nkhani yomutamanda, ya m'kanyuzi ka kalabu ya azungu ku Macheke. Ndilembe ine, asayine mnzake. Mutu wake: katswiri wa kiriketi wa mbali zonse, woponya mpira ndi womenya yemwe. Ikhale yatha Lamulungu. Akuti: "Si iwe uli ndi digiri?"

Ndili nayodi! Chilatini ndi mbiri yakale, zaka zitatu ku Kapa, komwe ndinalinso wolemba zigoli za kiriketi pakoleji. Lero ndikuimbitsa ana a-e-i-o-u m'shedi yakale ya fodya, chifukwa amishoni anandichotsa nditalemba kakalata koseka Chitaganya. Ntchito ino ndi yotsiriza, nyumba ndi ya pulazi. Ndikudziwa zimenezo.

Komabe! Kuponya amaponya, sindikana. Koma kumenya? Amagwira thabwa lomenyera mpira ngati akupha njoka m'khitchini. Ndatsimikiza: ndilemba zoona, umboni uli pambali.

Lachiwiri

Ndikusaka umboni kwa amene amamuponyera mpira akamayeserera. Zomwe ndapeza:
– A Phiri, folomani: "Aphunzitsi, ine ndili ndi ana asanu ndi awiri."
– Wophika: sanaonepo kanthu, zenera lake linayang'ana kwina.
– Che Amidu wa thirakitala: kuseka mpaka kutsokomola.

Ndi Che Amidu amene akundiululira. Pano pali lamulo losalembedwa. Ukagwetsa ndi mpira timitengo titatu ta kumbuyo kwa bwana, timene tikagwa womenya amatuluka, m'mawa mwake uli ku mabani, kusonkhezera moto wa fodya mpaka nsidze kupserera. Ndiye zaka zisanu ndi zitatu anthu akhala akulunjika pathabwa. Osati timitengo ayi, thabwa! Bwana akagwedezera kumanja, mpira umamutsata komweko. Amachita kuphunzitsana, wamkulu kwa wamng'ono, ngati mavinidwe a kudambwe. Katswiri pano ndi komboni!

Lachitatu

Ndapangana ndi Che Amidu. Lachisanu akuluakulu a kalabu akubwera kudzaonera bwana akuyeserera. Che Amidu aponya mpira umodzi wokha woona, wolunjika timitengo, pamaso pawo. Ine ndiwalembera Che Amiduwo kalata yofunsira ntchito ku mgodi wa Mhangura, ya Chingerezi chonona, zikavuta.

Ndauza Nabanda, mkazi wanga. Sakusiya n'kusita komwe. "Bambo a Grace, kodi digiriyo ili ndi denga?"

Sindiyankha mafunso achipongwe.

Lachinayi

Mvula. Matenti onse a fodya afunditsa bwalo la kiriketi. M'kalasi mwanga mukudontha malo asanu, ana aunjikana pakona ngati anapiye. Udzu wafunda, ana anyowa! Amuna khumi ndi awiri akukoka chigudumu chosalazira bwalo, poti thirakitala akuti ingawononge kapinga. Mgwirizano wa mafuko wa Chitaganya umenewo.

Ndalemba ndime yoyamba ndi mkwiyo wonse. Yakuthwa, yokoma, yosayiwalika. Ndituluka pang'ono, pobwerera ndipeza Nabanda waikolezera mbaula. "Nkhuni zanyowa," akutero, osaphethira.

Lachisanu

Azungu anayi pamipando, tiyi m'manja. Bwana wavala zoyera, thabwa phe. Che Amidu akundiyang'ana, ndikugwedeza mutu. Akuthamanga, fumbi kumbuyo, akuponya ndi mtima wonse.

Pakati penipeni pa thabwa! Bwana atatsinzina! Mpira ukudutsa pamwamba pa mabulugamu n'kukaphwanya galasi limodzi lokhalo la sukulu yanga.

Azungu akuomba m'manja. Mmodzi akuti sanaonepo kumenya kotere chibwerere ku nkhondo.

Che Amidu akubwera misozi ili m'maso: "Aphunzitsi, wallahi ndinalunjika timitengo. Mkono wakana wokha." Zaka zisanu ndi zitatu! Aphunzitsa mkono wa munthu ulemu mpaka mwini wake sukumumveranso. Kalata ija akuifunabe.

Loweruka

Masewera enieni, ndi azungu a ku mgodi wa Arcturus. Komboni yonse aikhazika kuseri kwa waya, A Phiri atalamula kuti bwana akangosuntha, m'manja.

Poponya, bwana watulutsa omenya anayi. Ndalemba, ndine munthu wachilungamo.

Pomenya: mpira woyamba, wochokera kwa munthu wosaopa mabani. Thabwa kumwamba, timitengo mbwee! Ziro! Ndaimirira osadziwa, mtima ukuvina. Umboni si uwu!

Bwana akuyamba kutuluka, ndiye kuti wasuntha. Komboni m'manja, amayi nthungululu, wina mpaka likhweru. Iye akukweza thabwa kuthokoza, ngati wamenya zigoli zana!

Madzulo chigamulo chatuluka ku kalabu: bwalo linali lonyowa, silinasalazidwe bwino, palibe katswiri akadamenya pamenepo. A Phiri aitanidwa. Awiri mwa okoka chigudumu aja, mawa ku mabani. Mmodzi, wachifuwa kale, ndi bambo wa mwana wa m'kalasi mwanga.

Choonadi chabwera chokha, osachiitana, ndipo achilipira ena. Changa chikadagwera angati?

Lamulungu

Sindipita kutchalitchi. Ndilemba.

Masamba awiri. Za kuponya, zoona zokhazokha. Za kumenya: mpira wa Lachisanu, mabulugamu, galasi. Za Loweruka: mvula. Ndawonjeza mzere wakuti ogwira ntchito anayesetsa usana wonse koma thambo linawaposa, mwina awiri aja angabwezedwe. Bwana waudula. Akuti ukutalikitsa nkhani.

Zina zonse wakondwa nazo kwambiri. Wawerenga kawiri mokweza, wandipatsa ndudu. Ntchito ilipo, nyumba ilipo. Nabanda waphika nkhuku.

Lamulo latsopano: nkhani yokoma chonchi isathere kwa azungu okha. Mawa ndiiwerenge m'kalasi, ana akuluakulu ailembe m'makope mwawo mawu ndi mawu, kuti aphunzirepo Chingerezi chabwino.

Chabwino. Ndidzachonga masipelo okha.